Matauni Ofiira a Apongozi Anga

Ine ndi apongozi anga aakazi sitinkayang'anana kumaso. Musaganize kuti tinayambana ayi, unali mwambo basi. Ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Kabudula, ndipo kumeneko mkamwini akaona apongozi ake akubwera m'njira amapatukira patchire, kaya pali chitedze kaya pali minga. Ine ndinkapatuka. Iwonso akandiona ankatembenuka n'kumayang'ana mtengo wa mango ngati wabereka mapapaya. M'nyumba mwawo sindinkalowa, pamphasa imodzi sitinkakhala, ndipo nkhani zathu zonse zinkadzera mwa mkazi wanga. Iwo ali pakhonde pawo, ine ndili kuseri kwa nkhokwe, mawu akumveka bwinobwino, koma amvekere, "Iwe, uwauze amuna akowo kuti mbuzi yawo yandidyera chinangwa." Mkazi wanga n'kubwera kudzandiuza zomwe ndamva kale ndi makutu angawa. Ine n'kuyankha mokweza, "Muwauze amayi kuti pepani." Iye n'kubwereranso. Mkazi wanga anayenda mtunda wautali pabwalo limenelija.

Apongozi angawo anali mayi wadzitho, wolongolola, wosafuna kuthandizidwa. Nyengo yosoka fodya ikafika, azimayi anzawo ankakana kukhala nawo pafupi m'chigafa. Ena akadali koyambirira, iwo mulu wawo watha kalekale, ayamba kukamba za aulesi a masiku ano.

Ndiye tsiku lina m'mawa anagwa kudimba. Kuchipatala anati ndi sitiroko, bipi inakwera iwo osadziwa. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono. Pakamwa ndiye panachira msanga, monga tonse tinkayembekezera. Chimene chinatsalira ndi dzanja lamanja. Linkangolendewera, zala zitayamba kupindikira mkati. Bambo wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo kuchipatalako, anauza mkazi wanga mosabisa kuti dzanjalo silinafe, koma likapanda kugwira ntchito miyezi imeneyi liuma, ndipo likauma ndiye basi. Anawapatsa kampira koti azifinya, n'kuwauzanso kuti azitola nyemba imodziimodzi n'kumaika m'mbale.

Kampirako anakaponyera galu ndi dzanja lamanzere. Za nyemba anangofunsa kuti, "Ndine nkhuku ine?" Dzanja lija analifunditsa chitenje, ndipo aliyense wofuna kuliona ankamuthamangitsa ndi mawu. Ankakhala pakhonde duu, maso kumsewu. Mkazi wanga ankalirira kukhitchini n'kumanamizira utsi. Ine zinkandiwawa kwambiri, chifukwa mayi amenewa, ngakhale sitinkayang'anana, ndinkawakonda. Ndiwo anandiikira kumbuyo pamene amalume a mkazi wanga ankafunsa kuti mkamwini wosatha kuunga mizere ya fodya ndi wa chiyani pamudzi.

Mizere yanga inkakhotadi, sindikana. Ntchito yanga yeniyeni inali ku Nsaru, komwe ndinali ndi kashopu kobena nyimbo, kutchaja mafoni ndi kukonza omwe agwera m'madzi. Kunyumba ndinkasunga laputopu yakale yothyoka msana, yoti ukafuna sikirini iime uyenera kuitsamiritsa ku njerwa. Mwini wake woyamba anasiyamo gemu ya mbava za panyanja. Iwe umakhala mkulu wa mbavazo, uli ndi sitima ya matanga ndi mizinga, ukuyendayenda m'madoko. Matauni ena ali ndi mbendera yoyera, amenewo ndi abwenzi, umagula ndi kugulitsa mwamtendere. Ena ali ndi mbendera yofiira, amenewo amadana nawe. Ukatsika kumeneko umalowa ndi lupanga, kumenyana ndi asilikali, kunyamula zomwe wapeza, n'kuthawira kusitima. Lamlungu masana ndinkaitchaja ku batire la sola n'kumasewera kuseri kwa nyumba yathu.

Tsiku lina mizinga ikulira, ndinamva kuchokera pakhonde paja, "Iwe, kodi kwa amuna akowo kwagwa nkhondo?"

Mkazi wanga ananyamula laputopu ndi njerwa yake kukawaonetsa. Ndinadikira. Ndinadikira mpaka moto unatha m'laputopumo. Mawa lake ndikupopa njinga kuti ndizipita ku Nsaru, uthenga unabwera wakuti ngolo ya pamadzi ija ndisapite nayo.

Apa m'pamene nzeru zinandibwerera. Gemuyo timasewera ndi kamausi, kachipangizo kachingwe kaja timagwira m'manja n'kumadina ndi chala. Ukadina pansi munthu wako amapita pamenepo, ukadina msilikali amamutema. Kudina, kudina, tsiku lonse! Mafizo oposa amenewa mungawapeze kuti? Ndinamuonetsa mkazi wanga podina, iye n'kukaonetsa mayi ake, ine n'kupalasa njinga ndikuimba mluzu, ndikudziona ngati dokotala wamkulu.

Ndipo anaikonda, abale inu. Mayi woti nyanja yamchere sanaiganizirepo, Chingerezi sadziwa ngakhale cha moni, koma mbendera anaphunzira kuziwerenga tsiku lomwelo. Matauni oyera analibe nawo ntchito, ankati anthu ongomwetulira ndi achinyengo. Ankasakasaka ofiira. Akalowa m'nyumba yosungira katundu ankatenga shuga, nsalu ndi mchere, golide n'kumusiya pomwepo, ati golide ungamuthire mu tiyi? Lamlungu sankamenya nkhondo asanabwereko kutchalitchi, koma akangovula duku la chigwirizano, tsoka kwa asilikali. Ndikaweruka ndinkawamva ali m'nyumba mwawo akukalipira sikirini: "Bwera kuno iwe wachipewa! Ukuthawa chiyani? Wamantha iwe!" Kenako kuseka. Chigwereni kudimba kuja tinali tisanamve kuseka kwawo, ndipo mkazi wanga anasiya kunamizira utsi.

Anzawo obwera kudzawazonda ankakhala pamphasa n'kuiwala zozonda. Wina amvekere kumanzere kukubwera wina, wina amvekere tengani nsalu yobiriwirayo. Mayi wina anapita kukafalitsa kuti wodwala uja wagula sitima, moti amalume aja anabwera kudzafunsa kuti yaimikidwa pati.

Sipanatenge nthawi, madandaulo anayamba. Tsiku lina nditangotsamiritsa njinga ku nkhokwe, mawu a apongozi anamveka kuchokera pakhonde.

"Iwe, uwauze amuna akowo kuti matauni awo ofiirawa ndi abodza. Mudzi wodana nawe umakulandira choncho? Asilikali ake owerengeka, oyenda ngati akudwala malungo, wina ukumutema mnzake akuyang'ana kumbali. Kuno wakuba angokhudza chigafa, mfuu ikalira mudzi wonse umatuluka, wa chibonga, wa mpini, azimayi ndi minsi, agalu patsogolo. Iwowo si a ku Msundwe kodi? Apange ngati kwawo."

Aa, zimenezo zinandilasa. Ku Msundwe n'kwathudi, ndipo ife timanenedwa zambiri, koma sitinanenedwepo kuti ndife ofewa. Ndinatenga laputopu kupita nayo kushopu n'kuyamba kufukula m'mimba mwa gemu ija. Ndinapeza kuti ili ndi mafayilo oti munthu ukhoza kutsekula n'kusintha. M'menemo muli mawu a Chingerezi ndi manambala: asilikali achuluke bwanji patauni, akhale amphamvu bwanji, aone mdani ali patali bwanji, mizinga ya palinga ifike pati. Ulendo woyamba ndinaika nambala yaukali, laputopu inalira ngati chigayo n'kuzima. Ulendo wachiwiri asilikali anachulukadi, koma ena anabadwira pamadenga, ena m'madzi, ataimirira phee ngati akudikira ubatizo. Makasitomala ankabwera kudzatenga mafoni awo n'kundipeza ndikutukwana manambala.

Pomaliza zinatheka. Agalu munalibe m'gemumo, koma pamsika wa tauni iliyonse pankayendayenda nkhumba, ndiye ndinangozilemba m'gulu la asilikali. Madzulo a tsiku lotsatira mkazi wanga anabwera ndi uthenga akulephera kuunena ndi phwete. Amayi alowa tauni yofiira, agonjetsa alonda a pachipata, afika pamsika, aphedwa ndi nkhumba. Akuti zikomo, tsopano zayamba kuoneka zenizeni.

Zinapitirira choncho. Iwo akagonjetsa tauni, uthenga unkabwera, ine n'kuwonjezera ukali. Ndinachititsa kuti belu la palinga likalira asilikali azithamangira kudoko kukatsekereza njira. Ndinatalikitsa mizinga kuti sitima izilandira moto isanakocheze n'komwe. Iwo ankafa, kukalipa, kuyambiranso, mpaka kupambana. Unali mpikisano wa anthu awiri osaonana, wina ku Nsaru akutchera misampha, wina kumudzi akuionjola, ndipo ndivomere kuti unkandikoma. Ndikafunsa mkazi wanga kuti, "Zala zikuyenda?" iye amvekere, "Ii, musanene! Akudina mofulumira kuposa inu." Ine ku Nsaru ndinali nditauza kale aliyense, ndi akabaza omwe, kuti ndikuchiza sitiroko ndi laputopu.

Tsiku lobwereranso kuchipatala ndinatseka shopu msanga. Ndinadikira kunyumba ngati mwana wasukulu wodziwa kuti wakhoza mayeso. Koma mkazi wanga anabwera nkhope ili yakugwa. Anati bambo wa mafizo uja wagwira zala zija n'kupukusa mutu. Zalimba kuposa kale, ndipo nthawi ikutha.

"Sizingatheke!" ndinatero ine. "Nanga kudina konse kuja?"

"Kudina kwake kuti?"

"Pa kamausi!"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Amadinatu ndi lamanzere. Lamanja angagwire nalo bwanji? Ndimawaikira kumanzere kuti asavutike."

Ndinakhala pansi. Ndinapsa mtima, abale, moti makutu anatentha. "Inu simunaone kuti cholinga chonse chinali dzanja lamanja?"

"Munandiuza? Ine ndimayesa mukungofuna kuti aziseka."

Kwa ine zinali zodziwikiratu kuti kamausi amagwira ndi lamanja, moti kunena kunali ngati kuuza munthu kuti nsapato amavala kuphazi. Ndikanakhala m'nyumba muja masana amodzi okha ndikanaona ndi maso anga. Koma mkamwini alowamo bwanji? Milungu yonseyo ndinali kuseri kwa nkhokwe, kulimbitsa dzanja lomwe linali lolimba kale. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri.

Mawa lake mkazi wanga anayesa kuika kamausi kumanja. Apongozi anakabwezera kumanzere. Atayesanso kachiwiri, anamufunsa ngati alibe zochita kunyumba kwake.

Ndiye ndinaganiza njira ina. Gemuyo inali ndi batani lina lomwe iwo anali asanalifunepo, lalitali lija la m'munsi mwa mabatani onse. Ukalipanikiza, munthu wako amawerama n'kumathamanga, zipolopolo zikudutsa pamwamba. Silifuna luso, ngakhale ndi chibakera limatheka, koma uyenera kulipanikiza uku dzanja lina likudina. Ndinatsekula mafayilo aja, asilikali onse ndinawalanda malupanga n'kuwapatsa mfuti za gogodela zolasa patali. Tauni yofiira inasanduka yoti munthu wa dzanja limodzi sangadutse pachipata. Ulendo uno mkazi wanga ndinamufotokozera zonse bwinobwino, kawirikawiri mpaka anatopa nane. Ndinamuchonderera kuti awaonetse batanilo, koma akamupempha kuti awapanikizire, akane.

Apongozi anafera pachipata. Munthu akafa gemuyo inkaliza kanyimbo kachisoni, ndipo tsiku limenelo kanyimboko kanalira mpaka nkhuku zinakazolowera. Anayesa kudumphitsa dzanja lamanzere kuchoka pa kamausi kupita pa batani, zipolopolo zinkawapeza dzanja lili m'njira. Anayesa kuwerama kuti apanikize ndi chibwano, laputopu inagwa pa njerwa yake. Anauza mwana wawo kuti awathandize, iye anati ali ndi ndiwo pamoto. Apongozi anga sanali opusa. Dzuwa lisanalowe mkazi wanga anabwera atanyamula laputopu, kamausi ndi njerwa yomwe.

"Akuti mutenge zinthu zanu. Akuti adziwa zimene mukufuna, ndipo iwo si choseweretsa chanu."

Pabwalo panangoti zii. Masiku anapita, mizinga palibe, kukalipa palibe, kuseka palibe. Apongozi anabwerera pakhonde paja, dzanja lili mu chitenje. Anzawo aja akabwera ankawauza kuti mutu ukuwawa. Mbuzi yanga inalowanso m'chinangwa chawo iwo akuona, uthenga sunabwere, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse.

Mkazi wanga anandidandaulira. "Bwezerani mmene zinalili, chonde. Dzanja likauma liume, bola aziseka. Mwawalanda ndi kochepa komwe anatsala nako."

Ndinatsekula fayilo ija kushopu, chala chili pa nambala, ndipo ndinangotsala pang'ono kusintha. Ndinali ndi mantha kuti ndataya zonse ziwiri, dzanja ndi kuseka komwe. Koma ndikaganiza za mayi wothamangitsa anthu m'chigafa uja, kuti akhale moyo wake wonse akumangidwa chitenje ndi mwana wake, mtima unkakana. Ndinatseka fayilo osasintha kanthu.

Loweruka masana ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ndi lichero la mtedza. Iwo anali pakhonde pawo, mkazi wanga akutsuka mbale pakati pathu. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinangomva ndakweza mawu.

"Muwauze amayi kuti asadandaule. Anapempha tauni ya ngati kwathu, ndiye ndi imeneyo. Ngati yawakanika palibe chamanyazi, ku Msundwe kumakanika ndi amuna omwe."

Mkazi wanga anagwetsa mbale. Anandiyang'ana maso ali tong'o, n'kupukusa mutu kuti zimenezo sakanena. Mkamwini kuyankhula choncho m'mudzi mwa eni! Ndinayamba kale kulingalira ngati katundu wanga akwane panjinga kapena ndibwereke ngolo. Kenako mawu a apongozi anamveka pakhonde, otsika, ozizira.

"Iwe, katenge chinthu chija."

Analowa nacho m'nyumba onse awiri. Ine ndinatsala ndikuswa mtedza wanga, makutu ali kuchitseko. Mizinga inalira, kenako mfuti, kenako kanyimbo kachisoni. Mizinganso, mfuti, kanyimbo. Mtedza wina ndinkautaya pansi n'kuponya makoko m'lichero. Dzuwa linapendeka zili choncho, ndipo ndinayamba kudzitukwana chamumtima kuti ndikuzunza munthu wodwala. Kenako ndinazindikira kuti papita nthawi kanyimbo kasanalire. Mfuti zikulira, belu la palinga likulira, koma kanyimbo ayi. Ndinkafunitsitsa kukasuzumira pawindo, moti ndinaimirira, n'kukhalanso pansi, n'kuimiriranso.

Kanyimbo kanalira. Nthawi yomweyo mkazi wanga anaseka chikhakhali, ndipo kusekako kunathera mu "Mayo!" Chitseko chinatseguka, iye anatuluka akuthamanga atagwira mkono, misozi ili mbwembwembwe.

"Chachitika n'chiyani? Agwa?"

"Anadutsa tauni yonse," anatero akubanika. "Ananyamula katundu, afika padoko, sitima ili apo. Ndiye aphonya thabwa lokwerera, agwera m'madzi. Ine ndaseka. Anditsina."

"Ndiye mukulirira kutsinidwa, mayi wamkulu ngati inu?"

"Lamanzere linali pa kamausi."

Anachotsa chikhatho pamkono paja. Panali tizipsera tiwiri ta zikhadabo, kena ka chala chachikulu, kena ka mkombaphala, tosazama, tofooka, toti mwana wokwawa akhoza kutsina kuposa pamenepo. Tinakhala pansi pa makoko a mtedza tikuyang'ana pomwepo. Iye ankalira n'kumafuna kupasisita, ine ndikumugwira dzanja kuti apasiye kaye, pangafufutike.